Ndege Yogwidwa ya Amalume a Gerishomo

Lolemba, 6 Okutobala 1975

Mvula: palibe. Ndasuzumirabe m'choyezera, poti fomu ili ndi mpata wake. Munali buluzi.

Kalata yafika. Envulopu ya khaki, chidindo cha ku likulu. Andikweza. Zaka khumi ndi zinayi ndili mlangizi wa pa njinga kuno ku sikimu ya mpunga, tsopano ndikhala woyang'anira alangizi anzanga asanu ndi mmodzi. Koma ku Ngabu. Kukaonekera Lolemba pa 3 Novembala. Lole ya boma idzatitenga pa 1. Nyumba ya malata.

Ndawerenga kanayi. Mawu sanasinthe.

Ndauza Elenala akupeta mpunga. Sanasiye kupeta. Akuti: "Zikomo kwambiri, bambo a Mariya. Koma ine si mbuzi yoti mungomasula pachikhomo. Kaonaneni ndi amalume."

Amalume. A Gerishomo. Mwini mbumba, nkhoswe ya ukwati wathu, msilikali wakale wa Keyala. Zaka khumi ndi chimodzi ndili mkamwini pamudzi pawo, sindinawapemphepo kanthu, ngakhale nkhwangwa. Lero ndikapemphe mwana wa mlongo wawo pamodzi ndi ana awiri. Akakana, ndipita ndekha. Sindinakhalepo kutali ndi Elenala kupitirira sabata imodzi ya kosi, ndipo sabata imeneyo ndinadwala.



Lachitatu, 8 Okutobala

Mvula: palibe. Mphepo ya kunyanja, fungo la matemba.

Ndinalemba mfundo zisanu pakapepala. Malipiro, nyumba, sukulu ya ana, chipatala, penshoni. Ndaziloweza ndikupalasa njinga. Mlimi wina wayesa ndikumupatsa moni.

Sindinapite n'komwe. Abwera okha masana kudzabwereka pampu ya njinga. Ndawapatsa mpando, Elenala thobwa. Ndayamba mfundo yoyamba. Maso awo ali pamwamba pa kabati.

Bokosi lija. Ndinaligula mu Julaye ku Zomba, mzungu wina akugulitsa katundu posamukira ku Lilongwe. Ine ndinkafuna nyali ya pampu, ilo linali m'katoni momwemo. Kandege ka pulasitiki kobwera zidutswazidutswa, womanga ndiwe wekha. Mapiko osanjikizana, ena pamwamba ena pansi. Ya Mataliyana, ya pa nkhondo yachiwiri. Pabokosi alemba kuti Angelezi anaigwira n'kuipaka zizindikiro zawo. Miyezi itatu osalitsegula. Kuopa kuononga.

A Gerishomo anadzambatuka ngati aitanidwa ndi sajeni. "Iyi! Iyi ndinaigwira ine! Ku Abisiniya, fote-wanu!"

Ndinati kapena ina yofanana nayo. Kulakwa koyamba. Anandiyang'ana mpaka thobwa linandikola. "Akamwini, munalipo?"

Potuluka, pampu kukhwapa: "Kapepala kanuko sungani. Za ku Ngabu mudzi wonse ukudziwa, kumene nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Mundimangire ndege yanga monga ndinaigwirira. Ndikaiona, tikamba."

Masiku makumi awiri ndi anayi.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndatsegula. Zidutswa 34. Ndawerenga katatu. Kachiwiri zinali 33. Chinali chitamatirira kuchigongono.

Chilichonse m'kabokosi ka machesi, nambala yake pamwamba. Pepala la malangizo ndalisita ndi simbi yofunda. Akuti inchi imodzi pakandegeka ndi mafiti asanu ndi limodzi pa ndege yeniyeni. Ndayeza pabwalo ndi chingwe cha ku sikimu kuti ndione kukula kwake. Phiko lathera m'khola la nkhunda la a Malita, oyandikana nafe nyumba. Iwo afunsa ngati boma likufuna kudutsitsa msewu.

Woyendetsa ndege ndi kamzungu kochepa ngati nyemba. Nkhope yake yodandaula. Tagwirizana.

Elenala akuti: "Munthu wa satifiketi ya ku koleji, kulera chidole. Mukafuna mbereko munene."

Vuto: guluu wa m'bokosi anauma gwa, ngati mwala. A Gerishomo, amene tsopano amabwera tsiku lililonse kudzayendera ntchito, akuti palibe vuto. "Pa Chiswahili ndege ndi mbalame. Nanga mbalame timagwira ndi chiyani?" Abwera ndi ulimbo m'chikamba cha nkhono, wopempha kwa otchera mbalame a kudambo.

Ndikudziwa kuti sizingatheke. Koma munthu amene ukufuna kumupempha mkazi sumukanira ulimbo. Ndayesa kumchira.

Lolemba, 13 Okutobala

Ulimbo suuma. Ndinkadziwa.

Kumchira: ntchentche zisanu ndi imodzi, nyerere zosawerengeka, nthenga imodzi. Maola awiri kupukuta ndi palafini ndi kamtengo ka machesi.

A Gerishomo akondwa kwambiri. "Mwaona? Isanathe n'komwe yayamba kale kugwira adani."

Za ku Ngabu, zii.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ku Zomba kukapereka lipoti la mwezi. Guluu ndamupeza kwa mmwenye, shopu yachitatu. Utoto tizitini titatu: wa mchenga, wobiriwira, wofiirira. Mwini shopu wafunsa ngati ndikupenta khola la nkhanga.

Pobwera, ayufi pa siteji ya basi. Makhadi a chipani. Langa lili bwino, ndimayenda ndi la chaka chatha lomwe. Koma potulutsa khadi ndakhudza pepala la malangizo, limene ndinatenga kuti ndisalakwitse mitundu ya utoto. Chithunzi cha ndege ya nkhondo, mfuti ziwiri, timizere toloza uku ndi uku, zilankhulo zinayi zachilendo. Nkhondo ya m'dziko la kutsidya kwa nyanja yathuyi yangotha kumene. Ndikanalongosola bwanji? Kuti ndi ya amalume a akazi anga?

Thukuta mpaka m'masokosi. Mmodzi wanunkhiza guluu, wayetsemula, wati pitani. Pepala labwera kuno lili mu nsapato. Kusitanso.

Mapilitsi a m'mimba atha.

Lamulungu, 19 Okutobala

Thupi la ndege lagwirana bwino. Injini, mchira, phiko la pansi. Zonse molingana ndi pepala.

Phiko la pamwamba ndiye chilango. Limakhala pa timichirikizo tokhala ngati minga ya mlamba, topendekera uku ndi uku. Ukaimika kumanja, kumanzere tagwa. Ukaimika kumanzere, wapuma mpweya, tonse pansi. Dzulo kasanu ndi kawiri. Ndanena mawu amene sindinanenepo chilowere mpingo. Elenala anatulutsa ana.

Lero ndasema timitengo ta gumbwa tochirikiza phiko mpaka guluu agwire. Laima. Palibe wololedwa kuyenda mwamphamvu m'nyumba muno. Chitseko chitsekedwe ndi manja awiri.

Chinanso chondisowetsa mtendere. Nkhani ya kagwidwe ka ndegeyi ikusinthasintha, ndipo ine ndikulemba. Pa 11 anati anaiwombera ndi chipolopolo chimodzi. Pa 14 inatera yokha itamva kuti asilikali a ku Zomba afika. Lero potuluka m'tchalitchi, pamaso pa akulu ampingo, anaigwira mchira ikuthamanga kuti inyamuke, fumbi koboo, iwo zidendene pansi. Ndimange iti? Yobowoka, yabwinobwino, kapena yokokeka mchira?

Ndafunsa Elenala. Akuti: "Musawafunse zoona. Akazi awo anamwalira osazidziwa."

Lachitatu, 22 Okutobala

Tsoka. Gudumu la kumanzere, nambala 21. Lagwa pathebulo, lagubuduka, latuluka pakhomo ngati lili ndi kopita. Nkhuku yamawanga ya a Malita inali pomwepo.

Ndayitsata masana onse. Sindilemba zonse zimene ndachita. Ndingoti ku koleji tinaphunzira kuyeza zitosi, ndipo lero maphunzirowo agwira ntchito. Amayi a pachitsime anaima ndi ndowa pamutu kundionerera. Wina wafuula: "Alangizi, kodi tsopano ndi fetereza wa boma?"

Gudumu silinaoneke. Ndadula batani la malaya anga a tchalitchi, ndalipala ndi tupa mpaka lalingana ndi linzake. Ndayeza kasanu. Ndatseka timabowo ndi guluu, ndapaka lakuda. Munthu sangazindikire. Ndinanyada pang'ono, ndivomere.

Kunyada sikunakhalitse. Madzulo a Wilisoni, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Sanabwerepo kwathu chikhalire. Akuti amva kuti m'nyumba muno muli ndege ya nkhondo. Ndawaonetsa bokosi, pepala, lisiti la guluu, khadi, ndi la chaka chatha lomwe. Aweramira kandege nthawi yaitali, manja kumbuyo. Aloza kamzungu kaja. "Nanga woyendetsayu, khadi ali nalo?"

Ndinali nditapisa kale dzanja m'thumba kuti ndimugulire. Ndiye iwo kuseka mpaka kutsokomola. Anangobwera kudzaona, a Gerishomo awatopetsa nayo nkhani ku bawo.

Mpaka pano sindikudziwa ngati ndikanangomugulira.

Loweruka, 25 Okutobala

Yatha dzulo. Mawanga a mitundu itatu monga pachithunzi. Zizindikiro za Angelezi, zozungulira zija, ndaziviika m'madzi n'kuzimata pamalo pake, ndayeza ndi lula. Zowongoka. Ikuwala. Chiyambire sindinapangepo chinthu chokongola chotere.

Ndaitengera kwa amalume pa mbale ya alendo, nditavindikira ndi dengu. Tayi. Kapepala ka mfundo m'thumba. Ndawapeza akuluka mono pansi pa mtengo wa mango.

Avundukula. Aitembenuza uku ndi uku. Abwezera pa mbale.

"Si imeneyi."

Ndinati ndatsata pepala nambala ndi nambala. Akuti pepalalo silinapite ku Abisiniya.

Kenaka nkhani yachinayi. Iyi anaikamba motsitsa mawu, maso pa mono, ndipo sindinaimvepo kwina. Sanawombere kanthu. Anaipeza itasiyidwa pabwalo la ndege, eni ake atathawa. Gudumu la kumanzere panalibe, mbali imeneyo inatsamira pa mgolo wa mafuta. Phiko la pamwamba lopindika kunsonga. Bwana wawo anawasiya pamenepo kuti ailondere mpaka wina adzawalowe m'malo, gulu n'kupitirira. Wodzawalowa m'malo anaiwalika. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi, okhaokha, mfuti ndi zitini za nyama. Ankagona pansi pa phiko, malaya ankayanika pamwamba. Ankacheza nayo m'Chinyanja. Tsiku lina kunabwera mzungu ndi chitini chimodzi cha utoto wosungunula kwambiri, anajambula chozungulira chokhota pamwamba pa chizindikiro cha Mataliyana, n'kupita. Pofika sabata chakalecho chinali chikuonekera pansi.

"Sindinaione ikuuluka ngakhale tsiku limodzi. Chogwidwa sichiwala chonchi, akamwini. Iyi ndi ya m'sitolo."

Gudumu la kumanzere. Lomwelo. Batani langa.

Ndabwerera nayo pa mbale. Kapepala sikanatuluke. Masiku asanu ndi awiri.

Lolemba, 27 Okutobala

Sindingathe.

Dzulo nditachoka ku tchalitchi ndinakhala nayo, mpeni m'manja. Lero chimodzimodzi. Masabata awiri a ntchito. Timichirikizo tija. Munthu angathyole bwanji dala chinthu chimene chili bwino? Ku ofesi fomu ikadetsedwa ndimayambiranso, sindifufuta.

Ku sikimu ndalakwitsa kuwerengera mbewu ya mlimi. Koyamba pa zaka khumi ndi zinayi.

Masana ndinaganiza kuti ndamvetsa. Ndinauza Elenala kuti amalume akundiphiphiritsira: ndege yogwidwa ndine, mkamwini, wopakidwa utoto wa pamudzi pa eni. Ndinayankhula mwachisoni ndithu. Elenala anaseka mpaka anakhala pansi, mthiko m'manja. "Inu? Wogwidwa? Munabwera nokha pa njinga, mukuliza belu kuyambira kumsewu!"

Atapukuta misozi ananena china, osaseka. "Wogwidwa amene akumuopera amalume ndine. Kuno ndine Elenala wa kwa Gerishomo, ndili ndi munda wa amayi. Ku Ngabu ndikakhala akazi a bwana, dzina lanu. Amayi, mlongo wawo, anawaika okha m'manda. Atsala ndi yani wowanyoza akamanama?"

Ndatulutsa kapepala kanga. Malipiro, nyumba, sukulu, chipatala, penshoni. Ndawerenga kawiri kufuna pamene pali Elenala. Palibe.

Manyazi. Enieni.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ndachita dzulo, ofesi itatsekedwa, dzuwa likadalipo.

Gudumu poyamba. Linangoti thyo. Batani silingabwererenso pa malaya, ndinalipala kwambiri. Phiko ndalifunditsa pa nthunzi ya ketulo n'kulipinda ndi chala, maso nditatsinzina. Kamchirikizo kamodzi kaduka kokha, ndakasiya kakulendewera. Zizindikiro zowongoka zija ndazipala. Ndamata za Mataliyana zimene zinatsala m'bokosi, pamwamba pake ndajambula chozungulira ndi utoto wothira palafini. Ndi dzanja lamanzere, kuti chikhote. Lamanja limakana.

Mgolo: chotsekera cha guluu. Kamzungu ndakachotsa, poti eni ake anathawa. Kali m'bokosi la machesi, nkhope yomweyo. Fumbi ndatapa pakhomo.

Elenala anang'amba kansalu ka khaki kochepa ngati chikhadabo, anakayanika paphiko. Sanandiseke. Chimenechi chinandiopsa kuposa kuseka.

Lero m'mawa kwa amalume. Popanda tayi, popanda mbale, m'manja basi.

Anailandira ndi manja awiri. Anasuntha kansalu kuchoka kumanja kupita kumanzere. "Malaya anali mbali iyi. Uku kunali mphepo." Mawu awo sanali bwino. Anatsokomola, ananamizira fodya.

Ndinayankhula wopanda kapepala, zosalongosoka. Ndinati munda wa mpunga ndi wa Elenala ndipo ukhala wake. Nyengo yokolola azibwera ndi ana, ine ndiziphika tiyi wanga. Ndinati kwawo kwa ana ndi kuno. Ndinati ndikapuma ntchito ndidzabwerera pamudzi pano, ngati adzandifune. Ndinanenanso zina zimene sindikuzikumbukira. Ndikuganiza kuti ndinatchula belu.

Iwo maso pa ndege. "Mutengeni. Koma utoto wa ku Ngabu mukamupake pang'ono chabe, akamwini. Azionekera kuti ndi wa kuno."

Kenaka, ndikuti ndithokoze: "Pampu yanu ija njoipa. Ndikubwezerani mukadzabwera."

Ndayenda mpaka ku sikimu wapansi. Njinga ndaiwala kwawo.

Lachisanu, 31 Okutobala

Kulongedza. Katundu 27, aliyense nambala yake ya choko. Mndandanda makope awiri. Mafayilo a sikimu ndapereka kwa wondilowa m'malo, mnyamata wabwino koma amalemba seveni ngati wanu.

A Malita abweretsa nkhuku yamawanga ija kuti ikhale kamba wa paulendo. Akuti: "Mukaipha mukayang'ane bwino m'kati." Mudzi wonse ukudziwa.

Elenala akuimba. Ine m'mimba muli zii, koyamba mwezi uno. Zikundidetsa nkhawa.

Amalume sanaoneke tsiku lonse. Ndikuganiza kuti kutsanzikana kukuwavuta. Ndiwamvetse. Mawa ndiwagwire dzanja mwaulemu, mawu ochepa. Ndakonza ziganizo ziwiri.

Loweruka, 1 Novembala

Ndikulembera pa bondo, kuseri kwa nyumba. Lole yafika seveni koloko. Takweza zonse, ndachonga mmodzimmodzi. 27.

Ndazungulira kukatseka chitseko cha kumbuyo kwa lole. 28: bokosi lachitsulo lobiriwira, nambala ya usilikali pachivindikiro. 29: mphasa. Pamwamba pa matiresi athu, a Gerishomo. Jekete la Keyala, mamendulo atatu, chipewa. Ndege pamiyendo, mgolo wake ndi malaya ake.

Ndinayesa akwera kuti atsikire pa msewu waukulu. Ndinayamba chiganizo changa choyamba. Anandidula. "Katundu wogwidwa sayenda wopanda mlonda. Lamulo la Keyala."

Ndafunsa mwaulemu kuti akhala masiku angati. "Mpaka wina adzandilowe m'malo."

Elenala ali kutsogolo ndi ana, wayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ankadziwa. Mphasayo anamanga ndi iye, mfundo yake ndikuidziwa.

Fomu ya lole imati: ofesala mmodzi, mkazi mmodzi, ana awiri. Palibe mpata wa mlonda. Ndilembe pa ana? Pa katundu? Kalata imati zipinda ziwiri. Ife china, ana china, ndiye amalume

Dalaivala akuliza hutala. Amalume akufuula kuti akamwini akuchedwetsa gulu